Wowerenga Zitsa za Simenti wa ku Olszynice

Pani Henryka Kurdziel (kuno mayi timati Pani, bambo timati Pan) amakhala pansanjika yachinayi m'nyumba yomaliza ya mumsewu wopita kumadamu a nsomba, ndipo zenera la kukhitchini kwawo limayang'ana paki ya masewera ya Zawierucha. Anthu ambiri a m'nyumbamo amadandaula ndi phokoso, pakuti kuyambira Epulo mpaka Okutobala mphepo imabwera ndi kukuwa kwa okwera sitima zam'malere, zija zimakwera pang'onopang'ono panjanji yoimikidwa pamizati, kenako n'kudziponya pansi ndi kuzungulira chadodolido. Pani Henryka sadandaula. Ali ndi zaka 68, ndipo zaka 34 mwa zimenezi anazithera pantchito yoyeza malo m'kampani yomanga milatho. Amuna awo atamwalira, anatulutsa m'kabati makina awo akale oyezera, aja a miyendo itatu, nawaimika pazenera pamene kale panali miphika ya maluwa.

Kuno kwathu sitima yatsopano imayamba kukambidwa chaka chathunthu isanaoneke. Eni paki sanena kanthu kufikira tsiku limene iwo akonza, ndipo wantchito aliyense amasainitsidwa kuti akaulula adzachotsedwa. Choncho okonda masewerawa amasaka okha zizindikiro. Wina akaona lole itaima pomwetsera mafuta itanyamula chitsulo chofunditsidwa lona, amajambula kansonga kamene kasuzumira, ndipo anthu amatsutsana mlungu wonse za mtundu wa penti. Wina amapita ku ofesi ya khonsolo kukawerenga zilolezo zodulira mitengo. Zonsezi zimakathera pa gulu lathu la pa intaneti, pamene munthu aliyense ali ndi dzina lodzipatsa yekha, ndipo pambali pa dzinalo pamakhala nambala ya sitima zosiyanasiyana zimene anakwerapo. Nambala imeneyo ndiyo ulemu wa munthu. Wa makumi awiri amafunsa, wa mazana awiri amayankha, ndipo wa mazana asanu akalankhula ena onse amakhala chete ngakhale akunena zopanda mutu. Yanga ndi 41, motero ndimawerenga kwambiri kuposa kulemba.

Pa gulupo panali munthu wotchedwa Chikhomo, amene nambala yake inali ziro. Onse ankayesa kuti ziroyo ndi nthabwala ya munthu wamkulu wosafuna kudzitama. Ena ankati ndi injiniya wopuma pantchito wa ku Katowice, ena ankati ndi mkulu wa kampani yopanga njanji kunja kwa dziko, koma palibe ngakhale mmodzi amene anakayikapo zoti ndi mwamuna. Ine ndekha ndinkadziwa zoona zake, chifukwa ndimagwira ntchito mulaibulale ya tauni, ndipo Lachiwiri lililonse Pani Henryka ankabweretsa zojambula zawo kuti ndizilowetse m'kompyuta. Ziroyo sinali nthabwala. Sanakwerepo sitima yam'malere ngakhale imodzi, ndipo sanalakelakepo kutero.

"Zakumwambako n'za okuwa, Jagoda," anandiuza tsiku lina. "Nkhani yonse imakhala pansi."

Ankanena zitsa za simenti. Njanji isanabwere, amisiri amathira zitsa mazanamazana m'munda wopanda kanthu, chilichonse chili ndi mabawuti otulukira pamwamba, odikira mzati. Ife tikayang'ana timangoona imvi ya simenti m'matope. Iwo ankaziwerenga. Ankayeza chitsa chilichonse ali pazenera lawo, kenako ankaika makinawo m'kangolo kawo kopitira kumsika, n'kuwakokera pamtumbira wa damu la nsomba kuti akachiyezenso ali kumeneko. Pamene mizere iwiriyo yakumana papepala, pamenepo ndiye pamalo pa chitsacho. Zitsa ziwiri za mzati umodzi zikatalikirana kwambiri, mzatiwo udzakhala wautali. Chitsa chikakhala chonenepa, cha mabawuti ambiri, sitima idzafika pamenepo ili paliwiro lalikulu n'kupsinja nthaka. Mabawuti akapendekera kumanzere, njanji idzakhotera komweko. Nyengo yonse yachisanu anayeza zitsa 207, nachipatsa chilichonse nambala yake, zala zili gwa ndi kuzizira, ndipo kumayambiriro kwa Marichi anajambula njanji yonse ya sitima imene eni paki anali asanavomere n'komwe kuti ikubwera.

Chojambulacho chitaikidwa pa gulu, anthu anaiwala kudya. Koma patapita masiku awiri chinafika m'manja mwa Oliwier Drabik, mwamuna wa zaka 27 amene amajambula mavidiyo a sitima zam'malere. Nambala yake ndi 612, ndipo anaidinditsa pamsana pa jekete yake. Iye anatenga ntchito ya Chikhomo, naijambulanso m'mitundu yowala, nafufuta dzina ndi manambala a zitsa. Kukanakhala kuba kokha tikanapirira, pakuti tinazolowera. Koma pakati pathu pali nthenda ina yoipa: nkhani imene munthu waipeza ndi mutu wake imapeputsidwa, pamene imene akuti anachita kunong'onezedwa ndi munthu wam'kati imapatsidwa ulemu. Motero m'vidiyo yake Oliwier anatsitsa mawu, nacheuka uku ndi uku ngati pali womumvetsera mobisa.

"Izi si zongoganizira ayi, abale anga," iye anatero. "Ndapatsidwa ndi wam'kati. Dzina sinditchula, koma ndingoti ndi munthu amene amatsegula ofesi ya amisiri m'mawa uliwonse ena onse asanafike."

Iye ankangokometsa nkhani. Sanadzifunse ngati munthu woteroyo alipodi. Analipo, ndipo anali mmodzi yekha.

Pani Myrosława Hnatiuk anachokera ku Ukraine, kufupi ndi Tarnopol, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amasesa ndi kukolopa maofesi a amisiri, ndipo makiyi amakhala ndi iwo chifukwa amayamba ntchito sikisi koloko m'mawa. Lolemba analowa mulaibulale panthawi imene anayenera kukhala kuntchito, atagwira kalata ndi manja onse awiri.

"Pepani, mwana wanga, tandiwerengereni ichi pang'onopang'ono. Chipolishi cha m'maofesi chimandizungulitsa mutu."

Kalatayo inkanena kuti aimitsidwa, makiyi alandidwa, ndipo Lachisanu teni koloko akaonekere ku msonkhano wothetsa ntchito yawo chifukwa choulula zinsinsi za kampani.

"Akuti ndinajambula mapepala ndi foni n'kupatsa mnyamata wa mavidiyo," anatero. "Foni yanga ndi iyi. Galasi lake linasweka chaka chatha, ikajambula munthu amaoneka ngati ali pansi pa madzi. Ndawaonetsa, akuti mwina ndili ndi ina."

"Nanga mwamunayo mumamudziwa?"

"Ndamuona koyamba dzulo, mwana wanga wamkazi wandionetsa pa kompyuta. Tsitsi ngati lipombo la tambala. Ndimupatse mapepala ameneyo, ndamukonda chiyani?"

Madzulo a tsikulo ndinawerenga malamulo a ntchito kuyambira mutu woyamba, ndipo sindinapezemo pamene palembedwa kuti mawu a munthu wodzitama pa vidiyo ndi umboni. Koma ndikudziwanso mmene zinthu zimayendera. Ofesi imeneyo amalowamo mainjiniya asanu ndi anayi, aliyense ali ndi foni yabwino m'thumba, ndipo palibe amene anafunsidwa. Anasankha mayi wa tsache, wobwera, amene sadziwa loya aliyense ndipo amapepesa ngakhale wina akamuponda phazi. Ndinalembera Oliwier kumuuza zonse, ndipo yankho lake ndinalisunga: "Sindingaulule gwero langa, komanso sindinganene kuti ndilibe. Mukumvetsa, eti? Ndi nkhani ya ulemu."

Lachiwiri Pani Henryka anabwera monga mwa nthawi zonse. Ndinawafotokozera, ndipo anamvetsera atakhala pampando wa ana pafupi ndi shelefu ya nyuzipepala, chipewa chili pamiyendo.

"Ndiye ukufuna chiyani?" anafunsa. "Ndikaime pagulu ndinene kuti Chikhomo ndi nkhalamba ya kangolo?"

"Ndikufuna aone kuti chojambulacho sichinachokere mu ofesi."

"Iwe, Jagoda, ndiwe mwana. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkaima m'madzi ofika m'mawondo kuyeza milatho, manambala anga n'kumasainidwa ndi mwamuna amene nsapato zake sizinaonepo matope. Palibe anandifunsapo kuti ndikuganiza bwanji. Tsopano kwa zaka zitatu anthu zikwizikwi amalemba kuti, 'Bwana Chikhomo, inu mukuona bwanji?' Amadikira yankho langa. Akangodziwa kuti ndine ndani, ayamba kundifotokozera kuti bawuti n'chiyani."

Ankanena zoona. Anavala chipewa, nakokera kangolo kawo kukhomo. Ali pomwepo anaima osatembenuka.

"Mayiyo ali ndi ana angati?"

"Awiri. Wamng'ono ali kusekondale."

"Akuti Lachisanu?"

"Lachisanu, teni koloko."

Anatuluka ndi kangolo kawo.

Lachinayi linali tsiku lokweza mzati woyamba. Patsiku lotere anthu athu amapempha tchuthi, ena amanama kuti dzino lawavuta, n'kubwera kuchokera ku Kraków, ku Gliwice, ngakhale ku Poznań, kudzaima kunja kwa mpanda wa malata. Amabwera ndi makwerero a m'nyumba, makireti opondapo ndi mafulasiki a tiyi wa ndimu. Pani Henryka sankaphonya tsiku lotere, ndipo onse ankawadziwa monga agogo aja amagawa keke ya tchizi.

"Wofiira!" anakuwa mwamuna wina wandevu ali pamwamba pa makwerero. "Ndinanena ine kuti ukhala wofiira!"

"Wofiira uti, iwe? Ndi penti yoletsa dzimbiri imeneyo. Ukwere kaye zana limodzi ndiye uzitsegula pakamwa."

"Tatsika pamakwerero anga, achimwene, akupindika! Wadya mbatata zingati m'mawa uno?"

"Makwerero ako ndi a pepala. Ukagule ena."

Oliwier anali pakati pa gulu, kamera ili kunsonga kwa ndodo, akulankhula ndi anthu amene ankamuonera nthawi yomweyo pa intaneti. Kireni inali itayamba kudzutsa mzati waukulu wa miyendo iwiri.

"Umenewu ndi wa pachikweza choyamba, abale anga," iye ankatero. "Gwero langa latsimikiza."

"Pan Oliwier," anaitana Pani Henryka.

"Agogo, keke mubwere nayo pambuyo, tili pantchito."

"Lero sindinabweretse keke. Mzati umenewo si wa pachikweza. Miyendo yake yayandikana kwambiri. Ukupita pa chitsa cha 113, pafupi ndi ngalande, ndipo ukakhala upendekera kumadamu."

Anthu anaseka. Oliwier anatembenuzira kamera kwa iwo.

"Tamvani, anthu inu! Agogo aonera vidiyo yanga!"

"M'vidiyo yanu mulibe manambala a zitsa. Munawafufuta pamodzi ndi dzina langa."

"Dzina lanu liti?"

"Chikhomo."

Kuseka kunakula. Wandevu uja anatsala pang'ono kugwa pamakwerero.

"Ngati inu ndinu Chikhomo, ndiye kuti ine ndine bishopu!"

"Agogo, mwakwera zingati?" anafunsa wina kumbuyo.

"Zinalembedwa pambali pa dzina langa zaka zitatu zapitazo. Simudziwa kuwerenga?"

Kireni inazungulira pang'onopang'ono. Inadutsa zitsa zikuluzikulu za pachikweza osaima, inapitirira pakati pa munda, n'kukatsitsa mzatiwo pafupi ndi ngalande. Amisiri atamanga mabawuti n'kumasula zingwe, mzatiwo unaima utapendekera kumadamu. Kunja kwa mpanda kunali zii, moti tinkamva bakha akulira kudamu. Sindinaonepo m'moyo wanga amuna makumi asanu atatseka pakamwa nthawi imodzi chifukwa cha mawu a mayi wachikulire, ndipo sindibisa kuti mtima wanga unasefukira.

"Tsopano, Pan Oliwier," anatero Pani Henryka, "kamera yanu ikadali yoyaka. Nenani kuti mulibe munthu wam'kati. Pali mayi amene mawa achotsedwa ntchito chifukwa cha pakamwa panu."

Makutu a Oliwier anafiira. Koma munthu amene amadya ndi pakamwa sachedwa kupeza potulukira.

"Mwaona, abale anga? Taganizani nokha. Agogo amene sanakwerepo ngakhale kahatchi kozungulira ka ana angadziwe bwanji kumene mzati ukupita? Alipo amene akuwapatsa mapepala. Amakhala tauni imodzi ndi wosesayo, si choncho?"

Ambiri anagwedeza mutu kuvomereza, pakuti zinali zosavuta kukhulupirira kuti mayi wina waba kusiyana ndi kukhulupirira kuti mayi wina wayeza. Ndinazindikira ndi mantha kuti kulondola kwa Pani Henryka kwangowonjezera mlandu pamutu pa Pani Myrosława. Ndinawagwira mkono kuti tichoke, koma sanasunthe. Maso awo anali pa lole imene inkalowa pageti. Inanyamula chidutswa cha njanji chachifupi, chowongoka, chokhala ndi zitsulo zonenepa ngati mahinji kumbali imodzi.

"Jagoda," ananong'ona, "chimenecho sichikwana paliponse pa chojambula changa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti ndinalakwitsa."

Tikubwerera anandifotokozera. Kuseri kwa nyumba yaikulu yosungiramo katundu kuli malo amene saoneka munthu ali pazenera lawo, ngakhale ali pamtumbira wa damu. Ankadziwa pamene njanji ikulowera kuseriko ndi pamene ikutulukira, ndipo pakatipo anangoganizira kuti njanjiyo imangokhota mozungulira. Oyeza malo ali ndi lamulo limene amaphunzira chaka choyamba: chimene wayeza umachijambula ndi mzere wathunthu, chimene waganizira umachijambula ndi mzere wodukizadukiza. Pani Henryka anajambula malo amenewo ndi mzere wathunthu.

"Ndinafuna kuti chioneke chokongola," anatero, akuyang'ana pansi. "Zaka zonse zija sindinachitepo zimenezi ngakhale kamodzi. Ndadzachitira anthu ondiitana kuti bwana."

Lachisanu tinafika ku maofesi a paki mphindi khumi isanakwane teni koloko. Palibe amene anatiitana. Pani Henryka anavala jekete yawo yopitira kutchalitchi, ndipo mlonda wa pakhomo atafunsa, anamuuza kuti abweretsa wakubayo. Anatilowetsa msanga.

M'chipindamo munali Pani Myrosława atakhala kunsonga kwa mpando, Pan Ciupka amene ndi mkulu wa chitetezo ndiponso amene analemba kalata ija, ndi injiniya Fąfara, woyang'anira ntchito yomanga, bambo wa imvi amene ankayang'ana wotchi kawirikawiri. Pani Henryka anatsegula kangolo, natulutsa mabuku asanu ndi awiri a manambala, nawandandalika patebulo. Ine ndinaikapo mapepala osonyeza tsiku limene chojambula chilichonse chinalowetsedwa m'kompyuta ya laibulale kuyambira Novembala.

"Chojambula chimene mukuvutitsira mayiwa ndinajambula ndine," anatero. "Iwowa ndikuwaona koyamba lero."

"Tinakuonani dzulo pa vidiyo, Pani Kurdziel," anayankha Pan Ciupka. "Mabuku munthu angathe kulemba. Masiku a m'kompyuta akungosonyeza kuti ankakupatsani pang'onopang'ono. Munthu wamba sangalondole chonchi."

"Sindine munthu wamba, bambo. Mlatho umene mwawoloka pobwera kuntchito ndinayeza ndine, inu mukadali kuyamwa chala. Koma sindinabwere kudzakuonetsani pamene ndinalondola." Anatambasula chojambulacho, naika chala kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. "Pan injiniya, taonani apa. Simukufunika kundiuza chimene chilipo. Mungondiuza ngati ichi ndi chimene chili pa mapepala anu."

Injiniya Fąfara anasiya wotchi. Anavala magalasi, nawerama.

"Apa ndinalemba bodza," anapitiriza Pani Henryka. "Sindinkaona, ndinangoganizira, ndipo sindinadukize mzere. Mukhoza kundiseka, muli ndi ufulu. Koma ndiuzeni: munthu amene ali ndi mapepala anu m'manja angalakwitse pamenepa?"

"Wakuba wochenjera amasintha pang'ono kuti asagwidwe," anatero Pan Ciupka.

"Ayi, Pan Ciupka," anatero injiniyayo osadzutsa mutu. "Osati apa. Sindinena kuti pali chiyani, koma chimene chili apa ndicho chifukwa chake tikubisa zonsezi. Pa pepala la kukhoma kwathu n'chojambulidwa mofiira, chachikulu ngati dzanja langa. Wakuba akanasiya zina zonse n'kutenga chimenechi." Chala chake chinayenda motsatira njanji, n'kuima. "Dikirani. Chitsa ichi, cha 88 pa manambala anu. N'chifukwa chiyani chatuluka pamzere?"

"Chifukwa ndi mmene chilili. Chinasendera kumpoto masentimita makumi anayi. Ndinayeza katatu, ndinkayesa kuti maso anga ayamba kutha."

Bamboyo anavula magalasi, naseka mpaka kutsokomola.

"Tinapeza paipi yakale pansi, ndiye tinachisuntha. Ndinalamula ndine ndili pamalopo, mu Januwale. Mapepala a mu ofesi sitinawakonze mpaka lero." Anatembenukira kwa mnzake. "Pan Ciupka, chojambula ichi chikutsatira nthaka, sichikutsatira mapepala athu. M'malo ena n'cholondola kuposa athu. Pani Kurdziel sanapatsidwe kanthu ndi aliyense."

Pan Ciupka anagogoda tebulo ndi cholembera. Kenako anatsegula dirowa, natulutsa makiyi a chingwe chobiriwira, nawakankhira kutsogolo kwa Pani Myrosława.

"Nkhaniyi yatha. Muyambe Lolemba."

Anangonena zimenezo basi. Sanapepese, ndipo mpaka lero kampaniyo sinalembe kalata yofafaniza yoyamba ija, ngakhale ndawalembera kawiri ndipo ndidzalembanso. Mayi anatchedwa wakuba kwa masiku asanu, anagona osadziwa ngati ana ake adzadya mwezi wamawa, ndipo amene anamuchitira zimenezi anaona kuti kukankha makiyi patebulo n'kokwanira. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti Pani Myrosława ndi amene anati zikomo, katatu konse.

Tikutuluka, injiniya Fąfara anatitsegulira chitseko yekha.

"Pani Kurdziel, munkagwiritsa makina anji?"

"Akale, a galasi ndi manja."

"Kuchokera patali bwanji?"

"Mamita mazana anayi pazenera, mazana asanu ndi limodzi padamu."

Iye anagwedeza mutu, nawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri. "Ndili ndi anyamata a makina a satelayiti amene sangafike pamenepo," anatero.

Oliwier anachotsa vidiyo yake mwakachetechete, ndipo sananenepo kanthu za gwero lake. Pa gulu zinachitika monga Pani Henryka ananenera, koma osati zonse. Alipo amene anayamba kuwatcha agogo ndi kuwafotokozera zinthu zimene iwo ankazidziwa oyankhawo asanabadwe. Aliponso ambiri amene anapepesa, wandevu uja ali patsogolo, ndipo atsikana anayi amene kwa zaka ankangowerenga osalemba analemba koyamba mlungu umenewo, kufunsa mmene mabawuti amawerengedwera. Pani Henryka anayankha aliyense, ndipo anaikanso chojambula chokonzedwa, kuseri kwa nyumba ija kuli mzere wodukizadukiza ndi mawu akuti, "Apa sindikudziwa."

Koma zimenezi zinadza pambuyo. Lachisanu lija tinangoyenda atatu mpaka pokwerera basi, kamphepo kozizira kakuwomba kuchokera kumadamu. Pani Myrosława anali atafumbatira makiyi m'thumba la chikhotho, ndipo sanatulutse dzanjalo ngakhale pokhala pabenchi. Anatsegula chikwama ndi dzanja linalo, natulutsa mabanzi a jamu amene anakonzera ulendo wokasaka ntchito ina, natigawira.

"Mulungu akudalitseni, Pani Henryka. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji."

"Musandithokoze, chojambula changa ndi chimene chinakuputirani tsoka." Analuma banzi, natafuna kanthawi. Kenako anasendera pafupi. "Koma tamverani. Musandiuze kanthu, mwamva? Ngakhale ndikufunseni, ngakhale ndikupempheni nditagwada. Ndikufuna ndichipeze ndekha chimene chili kuseri kuja."

"Kuseri kuti?"

"Chofiira chija. Cha pa pepala la kukhoma."

Pani Myrosława anakwinya nkhope, akuyesa kukumbukira.

"Pepala lalikulu lija lili pamwamba pa ketulo? Ine ndimayesa ndi la mapaipi a madzi."

Pani Henryka anasiya kutafuna.

"Miyezi isanu mukupukuta fumbi pambali pake, simunaliyang'anepo?"

"Ndiliyang'anirenji? Pansi pamakhala matope ofika m'chiuno, amuna aja sapukuta nsapato. Ndikolope kapena ndiziwerenga makoma?"

"Mayi inu! Ine miyezi inayi ndikuuma ndi chisanu padamu, inu muli nalo pamphuno, ofunda, ketulo ili pomwepo!"

"Ndiye Lolemba ndiliyang'ane?"

"Musayerekeze!"

Basi inatulukira pakhona, ndipo Pani Myrosława anaimirira, dzanja likadali m'thumba la makiyi.